Khoma la Abu Nadim

Bambo anga, mmisiri womanga ndi miyala, anamanga nyumba yawo yomaliza kuti idzagwetsedwe. Anthu a filimu anawapempha kanyumba ka miyala kumtunda kwa minda ya azitona, koti asilikali a Angerezi adzakagumule pamaso pa kamera, monga ankachitira ndi nyumba zobisa omenyera ufulu mu 1938. Bambo anamaliza Lachinayi. Lamlungu mtima wawo unaima. Ine ndinasiya koleji mumzinda wa Nablus, mabuku ali pabedi, ndipo sindinabwererenso.

Mayi Rawda, wotsogolera filimuyo, anadikira masiku makumi anayi a maliro, kenako anandiitana kuti ndidzaonerere. Sindinkafuna. Chimene chinatsala cha manja a bambo chinali khoma limenelo.

Amalume Fayez ndi amene anavala za mkulu wa asilikali, chifukwa nkhope yawo imafiira padzuwa. Zophulitsira n'zosatheka kwathu kuno, choncho anyamata khumi ovala za asilikali anamangirira zingwe pakhoma n'kukoka. Anakoka kachiwiri. Kachitatu chingwe chinaduka, amalume n'kukhala pansi ndi matako. Amayi a m'mudzi, amene anauzidwa kuti azilira, anayamba kuseka.

"Fayez, ngakhale kukhala Mngerezi kwakukanika," anatero azakhali anga. "Bwerera ukagulitse tomato."

Bambo sankathira simenti. Ankangoyala miyala, koma pangodya ankalowetsa mwala umodzi wautali wogwira mbali zonse ziwiri. Ukausolola, zonse zimatsika. Anandionetsa ndili ndi zaka khumi, ine ndikuyasamula, ndikulota zokhala injiniya.

Mayi Rawda anabwera pomwe ndinaima. "Mwana wa Abu Nadim, ulipo mwala woti tichotse?"

"Ulipo."

Anadikira kuti ndiloze. Manja anga anakhala m'thumba. Anandiyang'ana nthawi yaitali, kenako anapita kukaona zomwe kamera inagwira: asilikali ali wefuwefu, amayi akupukuta misozi ya kuseka, khoma lili chiimire. Anaziona katatu. Atatero anauza amalume kuti asasase fumbi pa yunifolomu.

Mufilimumo Angerezi amachoka m'mudzi akukoka zingwe zoduka. Ena amati mbiri sinayende choncho, nyumba zinkagwa ndithu. N'zoona. Agogo awo a bambo anagona panja chaka chimenecho, n'kumanganso ndi miyala yomweyo.

Dzina la bambo lili kumapeto kwa filimuyo, pansi pa la wophika khofi. Ndimakhala mpaka lidutse. Kanyumbako amayi anga amasungiramo nkhuni.