Keke ya Sabiha pa pikapu ya a Alidi

Amuna anga a Alidi ndi munthu wanzeru kwambiri, amatero okha. Pikapu yawo yonyamula simenti ku Limbe inkati ikalemedwa, kumbuyo kumagwada, apolisi apamsewu n'kuizindikira ikadali patali. Wina akanachepetsa matumba. Iwo anapita kwa makaniko kukawonjezetsa zitsulo pa masipuling'i akumbuyo mpaka anauma gwa.

"Iyi ndiye galimoto tsopano, make Sabiha," anatero. "Siigonja."

Zoonadi siinkagonja. Ikasenza simenti inkayenda bwinobwino, koma ikakhala yopanda kanthu inkadumpha ngati chule, poti sipuling'i yolimba chotero imafuna katundu wolemera kuti ipindike n'kumeza mabampu. Msana wangawu unaziphunzira kalekale zimenezi.

Kenaka unafika ukwati wa mwana wathu Sabiha. Keke anaphika yekha, yosanjikiza katatu, maluwa ashuga akuumba ndi zala zake mpaka maso kufiira. Ankafuna kuti akuchimuna a ku Nkolokosa aone okha kuti akutenga mkazi waluso.

M'mawa wa tsikulo ndinati, "Bambo, ikaniko matumba angapo a simenti kumbuyoku kuti galimoto ikhazikike."

Anandiyang'ana ngati ndawatukwana. "Simenti pa ukwati wa mwana wanga? Ndaitsuka ndi sopo iyi, ndaimanga maliboni. Anthu aziti chiyani?"

Ndinakwera kumbuyo nditakumbatira bokosi la keke. Tisanatuluke n'komwe mu Kanjedza, pa bampu yoyamba, ndinadziluma lilime. Pa yachiwiri ndinamva kuti phwa m'bokosimo. Ndinamenya denga la galimoto uku ndikukuwa, koma katswiri wathu anali kalikiliki kuliza hutala ndi kubayibitsa anthu a ku Chitawira omwe sakumudziwa.

Titafika kuholo a Alidi anatsika akumwetulira. Ine ndinatsitsa bokosi lija mwaukali. Sabiha anabwera atavala kale zaukwati, n'kutsegula bokosi. Nsanjika zitatu zija zinali zitagwirizana zokhala imodzi, maluwa atamira m'kati.

Sabiha anaiyang'anitsitsa keke ija. Bambo ake anakonza kukhosi. "Misewu yathuyi, mwananga..."

Sabiha sanawacheukire n'komwe.

"Amayi," anatero chapansipansi, "mpeni wodulira keke uja ubwezeni m'chikwama. Mukandipezere sipuni."