Nyimbo Kawiri, Osathamanga

Telala anali ataponya kale kapu ndi juzi ya malemu mkazi wake m'katoni pamene mayi wina, mnzawo wa ntchito wa malemuwo, anatchinga tebulo ndi dzanja.

"Pepani bambo, kope ilo musatenge kaye."

Panali patatha sabata chiikireni maliro. Telala anabwera ku labotale ndi mlamu wake, mng'ono wa malemu, kudzachotsa katundu. Chipindachi ankadana nacho kuchokera pansi pa mtima. Zaka zisanu ndi zitatu mkazi wake ankalawirira kuno, n'kumabwerera kunyumba ali wefuwefu, zovala zikununkha mankhwala.

"Mkazi munandilanda ali moyo. Kope lakenso mukulifuna?"

Mayi uja ananyamula kabotolo ka madzi achikasu.

"Umu muli mankhwala opangidwa ndi chitsulo chotchedwa kobati. Amakakamira pa DNA ya kachilombo koyambitsa matenda. Tikadontheza magazi pa kawaya kagolide aka n'kuthira mankhwalawa, magetsi amasintha, mzere uwu pa kompyuta umakwera. Wodwala angadziwe chomuvuta tsiku lomwelo. Kwa malemu zinkatheka. Ife tayesa kasanu, mzere uli gonee. Tikalephera pofika Lachisanu, akuluakulu atseka ntchito yonseyi."

"Nanga ine ndikuthandizeni ndi sizasi?"

Mayiyo anatsegula kope. Malemu anali munthu wadongosolo, wolemba ngakhale kulemera kwa kadontho. Koma pofika pa nthawi yodikira kuti mankhwala agwire, wasayansi wamkuluyo anangolemba kuti: nyimbo kawiri, osathamanga.

"Nthawi ikachepa sagwira, ikachuluka amamatirira paliponse. Akafika apa ankang'ung'udza kanyimbo, koma mawu ake sitinawamvepo, kutalika kwakenso sitikukudziwa."

"Kamamveka bwanji?" anafunsa mlamu.

Mayi uja anang'ung'udza poyambira pake, mwamanyazi. Mlamu anaphulika nako kuseka, koyamba chichitikireni zovuta.

"Alamu! Si ija ya batani imeneyi?"

Telala anagwira m'mphepete mwa tebulo. Nyimboyo anaipeka yekha pofunsira malemuwo. Inkanena za mmisiri wosoka batani limodzi patsiku kuti mwini bulauzi azibwerabwera. Mkazi wake ankati padziko lonse palibe nyimbo yoipa ngati imeneyo, ndipo anamuletseratu kuiimba pakakhala alendo.

"Kuiimba pano? Sindingathe."

"Mutha, alamu. Ntchito ya achemwali ithere m'katoni chifukwa cha manyazi anu?"

Mayi uja anadontheza mankhwala, n'kuyang'ana wotchi. Telala anaimba mothamanga ngati akuthawa mvula, maso ali pansi. Mayiyo atatsuka kawaya n'kuyeza, mzere sunasunthe.

"Mwawerenga bwino apa?" Mlamu analoza pakope ndi chala. "Imbani mmene munkaimbira pageti pathu, ife tikukusuzumirani pawindo."

Anayambanso. Ulendo uno anaikoka pang'onopang'ono, n'kumapumira pomwe ankapumira kale podikira kuti mtsikana aseke. Mawu anam'thawa pakati, koma sanaleke mpaka anaimaliza kawiri. Anamusowa mkazi wake koopsa.

Mayi uja anatsuka kawaya, n'kudina batani. Mzere unayenda chogona, kenaka unanyamuka n'kupanga kaphiri. Mayiyo anagwira pakamwa, dzanja linalo likulemba msangamsanga: mphindi zisanu ndi ziwiri.

Telala sanali kuyang'ana kompyuta.

"Ankaiimba tsiku lililonse?"

"Tsiku lililonse, bambo. Nthawi zina kakhumi."

Telala anapukuta m'maso ndi kuseri kwa dzanja, n'kukoka mpando.

"Wabodza uja," anatero chapansipansi. "Donthezaninso, mayi."