Mchira wa Kerfala

Tandimasulirani ichi, inu amene munakhalapo pabenchi ya sukulu: ndani amamanga nyumba dzuwa likamalowa, m'mawa n'kuisiya osabwereramonso? Musadzivute. Ndi achimpanzi a paphiri lathu, amene ife timawatcha agogo. Amayala nthambi m'mwamba n'kugona, amaswa mtedza wa kanjedza ndi miyala ngati ine ndemwe. Kuno sitiwapha, sitiwagenda. Akakudyera mapapaya umangoti zikomo podzationa. Apusi ndiye ayi, amenewo ndi mbava za m'munda wa mpunga, timawatchera misampha.

Tsiku la msika ndikupeta mpunga, anatulukira Yei, mwana wa mlongo wanga Paye, mpango uli m'manja.

"Azakhali, ukwati wanga watha! Kerfala akuuza anthu kuti wapha gogo wa kuphiri. Atate akuti abweza kola wake lero lomwe, ndipo anyamata akusema zibonga!"

Kerfala ndi mnyamata wa kabaza wa njinga yamoto wochokera kutali, ku tauni ya Kankan, amene anali atangopereka mtedza wa kola wofunsira Yei. Mtima wabwino, koma pakamwa ngati wailesi yosowa pozimitsira.

"Iwe unamuuza chiyani za agogo?"

"Ndinangoti timawaopa."

Ndinaponya lichero pansi. Kerfala anamva kuopa kwa mantha, osati kwa ulemu kuja timaopera apongozi. Anangoti mudzi wonse ukusowa mwamuna.

Ndinathamanga, ine, ndi mawondo anga olira ngati chitseko. Kwa Paye, kulibe munthu. Kumsika, akuti angochoka. Patapata wina anaduka panjira, ndinamusiya pomwepo. Nanga ngati waphadi? Mwana wa eni ameneyu timuika bwanji?

Ndinawapeza pansi pa mtengo pomwe Kou amagulitsa uchema. Kerfala ali pakati, akusimba ndi manja onse, osaona kuti palibe akumwa. Paye kamtolo ka kola kali pamwendo, nkhope ngati mvula yoti igwa ndi matalala.

"Chimphona, ndikukuuzani! Chifuwa ngati thumba la simenti. Icho kundiyang'ana, ine kuchiyang'ana..."

Anyamata awiri anali atazungulira kale kumbuyo kwake. Ndinadzikankhira kutsogolo n'kukhala pansi pamapazi pake.

"Mkamwini wanga, ngwazi yanga! Nkhalamba ine ndachedwa. Chilombo chotere unachigwira pati?"

"Achemwali," anatero Paye, "ino si nthawi ya masewera anu."

"Khala chete iwe, unkandikodzera kumsana. Simba, mwanawe."

Kerfala anatupa. "Amayi, chinafuna kuthawira mumtengo. Ine n'kuchigwira mchira, n'kuchizunguza, n'kuchimenyetsa pansi. Phuu!"

"Mchira?"

"Mchira! Wautali ngati mkono wangawu."

"Aa, bodza. Ana a masiku ano mumapha ndi lilime."

Pamenepo ndiye ndinamuyabwa. Anapita panjinga yake, n'kusolola pansi pa mpando chinthu chotuwa, chowonda, chakuda kunsonga. Anachikweza m'mwamba kuti ndi akumbuyo omwe aone.

Kou anasiya chikho, n'kuyandikira, n'kuchiyang'anitsitsa.

"Iii! Uyu si pusi ndinamupeza mumsampha wanga dzulo ali wopanda mchira? Ndimadabwa kuti mchira wadya ndani. Nyama yake tinadyera chinangwa."

"Paye," ndinatero, "tadzipapasa kumbuyoko, mwina nawenso wamera. Agogo athu chibadwire alibe mchira. Nanga uwu anabwereka kwa yani?"

Woyamba kuphulika anali mmodzi wa anyamata aja, chibonga n'kumugwera paphazi. Kenako onse. Kou anagwira mtengo kuti asagwe. Paye analimbalimba, koma chiseko chinamutulukira m'mphuno, kola n'kumwazika pansi. Anatola yense mmodzimmodzi, akupukuta misozi, n'kuika m'thumba la malaya ake, zobweza zija n'kuthera pomwepo.

Kerfala mkono ukadali m'mwamba.

"Komatu kwathu onsewo timangoti anyani," anatero ndi kamawu kakang'ono.

"Tsitsa mkono, ngwazi," ndinamuuza. "Mchirawo kaumange kumbuyo kwa njinga yako, uzikuingitsira ntchentche."

Ndi ana omwe anayamba kumuzungulira, aliyense atagwira kansanza kumatako, akugwedeza.