Gwirani Miyendo, Mayi

"Gwirani miyendo, mayi. Ipaneni pakati pa mawondo anu. Eya, choncho!"

Make Phwiti anachita monga namwino ananenera. Anali pampando wachitsulo, mwana ali pamiyendo, dzanja limodzi litapanikiza chifuwa cha mwanayo, linalo litatambasula kamkono kake. Phwiti anali atangokwanitsa zaka ziwiri, koma mphamvu zimene ankatulutsa m'chipinda chimenechi zinali za mnyamata wotha kunyamula thumba. Ankadzipinda, ankamenyetsa nkhongo pachibwano cha mayi ake, akulira mpaka mawu kutha, kukamwa kuli yasa.

"Mitsempha ya bwana uyu ndi yamanyazi," anatero namwino uku akupukuta kamkonoko ndi thonje. "Koma inu ndiye mumadziwa kugwira mwana. Ena akangomva kulira amatayirira, ife n'kuphonya. Mumagwira ntchito yanji?"

"Ndimachapa ndi kusita zovala za anthu."

"N'chifukwa chake! Manja awa ndi ofinya mabulangete."

Namwinoyo ankati akuyamikira, koma mawuwo anamupweteka mayiyo. Singano inaphonya, inaphonyanso, kenako magazi anayamba kukwera m'kabotolo. Phwiti anapotoza khosi n'kuyang'ana mayi ake m'maso. Sanayang'ane namwino, sanayang'ane singano. Anayang'ana amene anamugwira.

Panja, pabenchi ya pakhonde, panali bambo ake, monga mwa masiku onse. Bambo ameneyu anali wometa tsitsi, munthu wosewera ndi malezala kuyambira m'mawa mpaka madzulo, koma singano ya kuchipatala ankaiopa ngati njoka. Tsiku loyamba analowa nawo m'chipindamo, ndipo atangoona magazi a mwana wake anagwa pansi, anamwino n'kusiya mwana kuyamba kupepeza bambo. Kuyambira pamenepo ntchito anaigawa okha popanda kukambirana: mayi kulowa, bambo kudikira.

Chitseko chitatseguka, Phwiti anadziponya m'manja mwa bambo ake.

"Bwera kuno, Phwiti wanga, bwera. Ndani wakupweteka? Amama? Aaa, amama oipa! Tiwamenye?" Wometayo anamenya pang'ono phewa la mkazi wake. "Pha! Ndawamenya. Tonthola tsopano."

Mwanayo anatonthola, akusisima pakhosi pa bambo ake. Make Phwiti anaseka pang'ono, poti mwana anali watonthola ndipo chofunika chinali chimenecho. Anatola nsapato ya mwanayo imene inagwa n'kuwatsatira pambuyo.

Matendawa anayamba Phwiti akuphunzira kuyenda. Mwana ankadzuka bwinobwino, n'kudumphadumpha ngati kambalame kamene anamutchulira dzinako, koma pofika masana ankangoti zii pakona, maso ofiira, thupi lotentha ngati nsimbi. Ankakana chakudya, ankanjenjemera, milomo n'kuuma. Pakapita masiku angapo kutenthako kunkachoka kokha, mwana n'kuyambanso kukwera mipando ngati palibe chinachitika. Makolo ankati zatha. Mwezi usanathe, kunkabweranso.

Amati mlendo ndi mame, koma mlendo uyu anali atadziwa pamene amabisa kiyi. Anayeza malungo, sanawapeze. Anajambula chifuwa, chinali choyera. Anayeza mkodzo, anasuzumira m'makutu ndi kukhosi, anapereka mankhwala amadzi ofiira, oyera ndi achikasu. Pamwamba pa kabati mabotolo anachuluka kuposa makapu.

Dokotala wa ana anali mayi wa imvi zapamphumi, wosakonda kuzungulira nkhani. Tsiku lina anavula magalasi n'kuwaika patebulo.

"Sindikunamizani," anatero. "Dzina la matendawa sindinalipeze. Zoopsa zambiri zimene ndinkaziopa, magazi akukana. Chimenecho ndi chabwino. Koma chimene chikumutenthetsa sindikuchidziwabe."

"Ndiye tizimupatsa chiyani, adokotala?" anafunsa Make Phwiti.

"Oziziritsa thupi omwe aja, ndi madzi ambiri. Pali matenda ena amene mwana amangowasiya akamakula. Pali enanso ofuna chithandizo chawochawo. Kuti ndisiyanitse, ndikufuna magazi ena, otengedwa thupi lili pamoto. Likangoyamba kutentha, mubwere naye tsiku lomwelo."

"Magazi enanso? Kamwana aka katsala ndi magazi angati?"

"Ndi ochepa amene timatenga, mayi. Kuona maso a nkhono n'kudekha."

Make Phwiti kudekha anali nako. Chimene chinkamuthera chinali china, ndipo sakanatha kuchifotokoza kwa dokotala.

Phwiti anali atayamba kumuthawa. Zinayamba pang'onopang'ono. Mayi akatenga chikwama cha buluu chimene ankapita nacho kuchipatala, mwana ankakabisala kuseri kwa chitseko. Kenako sipanafunikenso chikwama. Mayi akangoti amunyamule, ankaumitsa thupi. Akati amukhazike pamiyendo kuti amudyetse, ankakuwa ngati wapsa. Kusamba ankafuna adada, kuvala adada, ngakhale madzi akumwa ankalandira kwa adada okha. Wometayo anayamba kupita naye kuntchito, mwana n'kumasewera ndi zipeso pansi pa galasi, makasitomala akumutcha bwana wamng'ono.

Tsiku lina mlongo wake wa wometayo anabwera kudzaona mwana. Anali mayi wapakamwa, wokoma mtima koma wosasefa mawu. Ataona Phwiti akukankha dzanja la mayi ake, anaomba m'manja.

"Iii, alamu, mwana mumamutsina kodi? Chibadwire sindinaone mwana wokana mayi ake chonchi!" Anatembenukira kwa mwanayo. "Iwe Phwiti, mako ndi mako, usamuone kuchepa mwendo. Pita kwa amako uko!"

Phwiti anakakamira thalauza la bambo ake. Onse anaseka, Make Phwiti nayenso anaseka. Kenako anati akukaona zovala pachingwe, ndipo anakaima kuseri kwa mabulangete a eni ake n'kulira mwakachetechete. Mwana amene anamuberekera kumsana m'mizere yonse ya kuchipatala, amene ankamupukuta ndi kansalu konyowa thupi likatentha, tsopano ankamuona ngati chilombo.

Chimene chinamumaliza chinachitika Lamlungu lina masana. Phwiti anali bwino masiku amenewo. Bambo ake ankapukuta makina ometera pakhomo, mayi ake akusita malaya pabalaza. Mwanayo anakhala pansi ndi chidole chake cha diso limodzi. Anachipana pakati pa timawondo take, anachipanikiza pachifuwa, n'kutambasula mkono wake. Kenako anatenga chipeso n'kuyamba kuchibaya.

"Gwila! Gwila!" ankatero ndi lilime lake lachibwana. "Mama gwila!"

Make Phwiti anaimika nsimbi. Mwanayo analiritsa chidolecho, anachikumbatira, n'kuchisisita kumsana. Atatero anadzuka, anayenda mpaka pamene panaima mayi ake, n'kuwamenya pamwendo ndi kadzanja kake.

"Mama oipa. Pha!"

Wometayo, amene ankaonera pakhomo, anaphulika kuseka. "Mwamuona mwana wochenjera? Ameneyu adzakhala dokotala!"

"Mukuseka?"

Mawu a mkazi wake anamudula kusekako. Make Phwiti anazula chingwe cha nsimbi kukhoma.

"Mwamva zimene wanena mwana wanu? Wamuphunzitsa ndani mawu amenewo?"

"Amake Phwiti, si masewera chabe? Ndimangomutontholetsa."

"Mumamutontholetsa ndi ine! Ine ndilowe, ine ndimupane, ine andiyang'ane m'maso singano ikulowa. Inu mukhale pabenchi ngati mlendo, kenako mubwere kudzakhala mpulumutsi. Mumaganiza kuti ine ndilibe mantha? Mumaganiza kuti manja awa ndi a mtengo?"

"Mukudziwa kuti ine magazi..."

"Magazi! Anthu angati mwawacheka kukhosi ndi lezala lanulo, simunakomoke?" Anapukuta maso ndi kuseri kwa dzanja. "Matendawa sindikudziwa kumene akutitengera. Adokotala sakudziwa, inu simukudziwa. Mawa ndi mawa, mwana uyu atati watisiya, apite akudziwa kuti mayi ake ndi munthu womupweteka?"

"Musatero! Mawu amenewo musawatchule m'nyumba muno."

"Ndawatchula, chifukwa ndi amene ndimadzuka nawo."

Phwiti anayang'ana uku, anayang'ana uku, n'kuthamangira kwa bambo ake. Wometayo anamunyamula, koma nkhope yake inali itagwa. Anatuluka ndi mwanayo, ndipo mkazi wake anatsala akuyang'ana malaya osita theka.

Nkhaniyo sanaiyambenso. Wometayo anasiya nthabwala zake, ankangodya n'kumayang'ana m'mbale. Madzulo ena anayesa kuika mwana pamiyendo pa mayi ake, akuti, "Khala ndi amama, amama ndi abwino." Phwiti anatsetsereka n'kuthawa. Chimene wamuphunzitsa mwana ukuseka, sungachichotse ndi mawu a tsiku limodzi.

Mvula ikakuona litsiro sikata. M'mawa wina Phwiti anakana kudzuka. Make Phwiti anaika dzanja pachipumi pake n'kulichotsa msanga. Mwanayo, ngakhale anali wofooka choncho, anatembenukira kukhoma kuthawa dzanjalo. Mayiyo anatsitsa chikwama cha buluu, bambo anatseka zenera, ndipo ananyamuka osayankhulana.

Kuchipatala mzere unali wautali. Phwiti anagona pachifuwa cha bambo ake, akupuma mofulumira, masaya ali psuu. Namwino uja atasuzumira pakhomo anawazindikira.

"Bwana wa mitsempha yamanyazi uja wabwera! Lowani naye, mayi."

Make Phwiti anaimirira n'kutambasula manja. Mwanayo atangowaona anayamba kulira. Koma wometayo sanamupereke.

"Khalani pansi, amake Phwiti. Lero ndilowa ine."

"Inu?" anatero namwino. "Bambo, ine lero ndilibe nthawi yotola munthu wamkulu pansi."

"Ndikagwa mundipondepo, anesi. Mungondionetsa kagwiridwe kake."

Chitseko chinatsekeka. Make Phwiti anakhala pabenchi imene anali asanaikhalepo chiyambire. Inali yozizira. Patsogolo pake panali khoma lopakidwa utoto wobiriwira, wosupuka m'munsi. Anaika manja pamiyendo, osadziwa chochita nawo.

"Gwirani miyendo, bambo. Ayi, osati choncho, mukumusisita! Panani zolimba!"

Kulira kunayamba. Mayiyo ankakudziwa kulira kumeneko, koma anali asanakumvepo kudzera pachitseko. Kunali koipa kuposa m'katimo, chifukwa sankaona chimene chikuchitika. Anamva mpando ukukwekwereka, namwino akuti, "Musatayirire, ndaphonya," ndi mawu a mwamuna wake akunjenjemera, "Pepa, mwanawe, pepa, pepa."

Kenako anamva mawu amene anali atawasowa kwa miyezi.

"Amama! Amamaa!"

Anapezeka waimirira, dzanja lili pachogwirira chitseko. Mwana wake ankamuitana. Ankamuitana iyeyo, ndi mphamvu zonse zotsala m'kathupi kotenthako. Mtima unkati lowa. Koma ankadziwa kuti akangolowa, namwino anena kuti bwerani mayi, inu ndiye mumadziwa kugwira. Anaima pomwepo, chipumi chitatsamira chitseko, misozi ikugwera pansi, mwana akuitanabe. Chinthu chimene ankachilakalaka chinabwera, koma chinabwera ndi ululu wa mwana wake.

Chitseko chitatseguka, wometayo anatuluka nkhope ili mbuu, malaya atanyowa ndi thukuta. Phwiti ankadzikoka m'manja mwake ngati akuthawa moto. Anadziponya kwa mayi ake, n'kukulunga timikono take m'khosi mwawo zolimba. Thupi lake linkawotcha kudutsa bulauzi. Make Phwiti anamufungatira, akumununkhiza m'mutu.

Mwanayo atapuma pang'ono, anadzutsa mutu n'kuloza bambo ake ndi kachala, thonje lili pamkono.

"Dada," anatero akusisima. "Dada oipa. Pha."

Ankadikira kuti mayi ake amenye. Wometayo anaweramitsa mutu n'kusendeza phewa lake pafupi.

"Menyani, amake Phwiti. Atonthole."

Make Phwiti anayang'ana phewalo. Anagwira kachala ka mwanayo n'kukapinda pang'onopang'ono m'dzanja lake.

"Ayi, Phwiti. Adada sitimenya."

Mwanayo analiranso, ndipo analira nthawi yaitali kuposa masiku onse. Anamusiya kuti alire. Namwino anasuzumira n'kunena kuti zotsatira zikatuluka awaitana, ndipo mwina adokotala adzafuna magazi ena thupi likazizira, kuti ayerekeze.

"Tamva, anesi," anatero wometayo. "Ndidzagwiranso ine."

Anatuluka pachipata dzuwa litakwera. Phwiti anali kumsana kwa mayi ake, tsaya lake lotentha litagona pakhosi pawo, matenda ake akadali opanda dzina. Bambo ake ankayenda pambali, atanyamula chikwama cha buluu ndi tinsapato. Atafika pamsewu anatambasula dzanja kuti akonze chipewa cha mwanayo, chimene chinali chitapendekeka. Phwiti anaona dzanjalo, n'kutembenuzira nkhope mbali inayo.