Madzi Oyera

Damulo linali la dothi, lotalika mamita 640, ndipo ntchito yake inali imodzi: kugwira mtsinje ukakwiya m'dzinja kuti usalowe m'tauni, makilomita 9 kumunsi. Damu lililonse la dothi limadontha. Ili linkadonthera m'kangalande ka simenti kuseri kwa khoma, pamene panamatidwa rula yachitsulo. Munthu amene anawerenga rulayo kwa zaka 19 anzake ankamutcha a Mabotolo.

M'mawa uliwonse, 7 koloko, a Mabotolo ankatsika masitepe 112, kuwerenga rula, kutunga madzi m'botolo la galasi, n'kuliunika padzuwa. Injiniya wakale amene anawaphunzitsa ntchito anawauza kamodzi kokha: kuchuluka kwa madzi kukhoza kukupusitsa, koma mtundu wake sunama. Akamatuluka mbee ngati galasi, khoma lili bwino. Akasintha mtundu, ndiye kuti akunyamula dothi la m'kati, damu likudzidya lokha.

Akatero ankaimba foni ku ofesi, kwa kalaliki wolowetsa manambala m'kompyuta. Kalalikiyo anali mlamu wawo, mng'ono wa akazi awo, ndipo za ntchitoyo anamutsina khutu ndi iwo omwe.

Pa 9 Januwale, mvula itagwa masiku anayi osakata, rula inasonyeza mamilimita 46 m'malo mwa 41. A Mabotolo anaunika botolo, nataya madzi, natunganso. Anatulukanso otuwa chimodzimodzi. Dongo la m'kati mwa khoma linali loyera, iwo ankadziwa, chifukwa anaona malole akulitsitsa.

"Mlamu, lembani 46. Koma madzi lero ndi oyera."

"Nanga dzulo anali obiriwira, amuna anga?" anasereula mlamuyo.

"Musaseke. Oyera ngati mwatsukiramo kapu ya mkaka."

"Alamu, pano pali timabokosi tiwiri basi: oyera, amatope. Muli matope?"

"Matope ayi, koma..."

"Ndiye oyera. Inu ukalambawu mudzayamba kundiimbira za mtundu wa tiyi wanu."

"Muwauze a injiniya."

"Ndiwauza akatuluka kumsonkhano."

Pa 11 Januwale anaimbira okha injiniya watsopano, mwamuna wophunzira bwino amene anatsikapo masitepe aja kawiri m'zaka zitatu. Foni inatenga masekondi 40.

"Bwana, ndi za madzi aja. Akutuluka oyera..."

"Ndaona kale pakompyuta, madala. Oyera, eti? Mukugwira ntchito yabwino." Foni inadulidwa.

Masiku onse madzi ankawataya akaunika. Koma kuyambira pa 9 paja anayamba kusunga. Botolo lililonse ankalimata kapepala ka deti n'kuliika pashelefu m'kanyumba ka pageti, ndipo m'kope mwawo ankalemba mawu omwewo: oyera ngati mkaka, ndauza kalaliki. Rula inafika 49, kenako 53. Kompyuta inkayamba kuchenjeza pa 60.

Pa 20 Januwale mlonda anapeza dzenje pamwamba pa khoma, loti wilibala n'kulowa yonse. Zitseko za damu zinatsekulidwa zonse, masairini analira, anthu a kumunsi kwa tauni anasamutsidwira m'masukulu. Madzi otulutsidwa mofulumirawo analowa m'nyumba 312. Palibe anamwalira. Damu silinagwe, ndiye panafunika munthu woti agwe m'malo mwake.

Pa 22 Januwale galimoto ya ku ofesi inadzatenga mabotolo onse 11 ngati umboni. Kope silinatengedwe, chifukwa a Mabotolo analisunga m'thumba la malaya awo.

Lamlungu masana, kutatsala tsiku limodzi kuti mlandu ukambidwe, akazi awo ankasita malaya oyera aja a ku maukwati. Anasita kolala katatu asanayankhule.

"Abambo, mawa mukakamutchula mng'ono wanga, ntchito imuthera."

"Nanga yanga ndi yachitsulo?"

"Ali ndi ana atatu. Bambo wawo mukumudziwa, anapita ngati mphepo. Athu anakula."

"Sinditchula munthu. Mabotolo akayankhula okha."

"Botolo lili ndi pakamwa, koma lilime ayi," anatero mayiwo, n'kupachika malaya pachitseko.

Mlandu unakambidwa pa 3 Febuluwale, m'chipinda cha misonkhano cha tebulo lalitali ndi fani yolira. Pampando panali bwana wochokera ku likulu. Kumanja kwake injiniya, kumanzere mayi wolemba zokambirana. Mlamu anakhala pafupi ndi chitseko, chikwama pamiyendo. Mabotolo anali pawindo, pamene anakhala masiku 12 osakhudzidwa.

A Mabotolo anawayang'anitsitsa. Madzi anali atadikha. Onse 11 ankawala mbee.

Injiniya anatenga la pa 15 Januwale ndi zala ziwiri, mofatsa ngati wanyamula dzira, n'kulikweza powala.

"Monga mukuonera, bwana, lipoti la m'kompyuta ndi umboni zikugwirizana. Ofesi inalibe chifukwa chokayikira."

"Mundipatse botololo," anatero a Mabotolo.

Analikhutchumula kanayi n'kuliika patebulo. Kadongo kanali pansi kanadzuka, madzi n'kusanduka ngati mkaka wosukuluka. Anachita chimodzimodzi ndi ena onse, kuyambira la pa 9 mpaka la pa 19, ndipo mzere wonse unkamka nuyererayerera. Lotsiriza, chala sichinkaonekanso kuseri kwake. Mayi wolemba uja anaimitsa cholembera.

Bwana wa ku likulu anavula magalasi.

"Ndiye munaona zimenezi masiku 11."

"Inde, bwana."

"Mtundu umenewu mumautcha chiyani?"

"Woyera, bwana."

"Ndipo pafoni munati chiyani?"

"Ndinati oyera. Koma oyera wake..."

"Bambo, munthu akandipatsa madzi n'kunena kuti ndi oyera, ine ndimamwa. A injiniya, anakuuzani chiyani?"

"Anati oyera. Ndinawathokoza."

"Mayi kalaliki?"

Mlamu anayang'ana zipi ya chikwama chake. "Anati oyera, bwana."

Palibe amene ananama. A Mabotolo anaganiza zimenezo bwinobwino, monga ankawerengera rula: anthu atatu, mawu amodzi, bodza palibe.

"Funso lomaliza," anatero bwanayo. "Munawonjezerapo mawu ena alionse, kwa aliyense, oti munthu wa mu ofesi akanamva kusiyana kwake?"

Dzanja la a Mabotolo linali kale pathumba la malaya. Kope linali momwemo, masamba 11, madeti ndi nthawi. Mawu a mkaka aja anawamva munthu mmodzi yekha, ndipo injiniya anali atatembenuka kale kumuyang'ana, mokonzeka. Akanatulutsa kopelo, mlandu sukanakwera m'mwamba. Ukanangosuntha mamita atatu, kuchoka pa iwo kukatera pafupi ndi chitseko. Mlamu sanadzutse mutu.

Anachotsa dzanja pathumba.

"Ayi, bwana. Sindinawonjezere."

"Lembani zimenezo," anatero bwanayo, navalanso magalasi.

Kalata inafika pa 10 Febuluwale. Inali ya ndime ziwiri. Inati achotsedwa ntchito chifukwa cholephera kufotokoza momveka zimene anaona, zomwe zinaika miyoyo ya anthu pachiswe. Akazi awo anaiwerenga ataimirira, n'kuti, "Mulungu aona," kenako anakaiika pansi pa nsalu ya patebulo. Mlamu sanabwere. Anatumiza uthenga wa pafoni woti ana akupereka moni.

M'tauni nkhani inafika isanathe sabata. Pogolosale, mayi wina amene mipando yake inavunda ndi madzi anawafunsa mokweza ngati maso awo ankafuna magalasi kapena ankangopita kudamu kukawodzera. Iwo anagula sopo wawo n'kutuluka.

Pa 2 Malichi anapita kukabweza kiyi, jombo ndi chipewa. Anafika 7 koloko isanakwane. Miyendo sinadziwe kuti inachotsedwa ntchito. Dzenje lija linali litakwiriridwa, ndipo kuseri kwa khoma malole ankathira mchenga ndi miyala. M'kanyumba ka pageti, pamwamba pa shelefu yopanda kanthu, panamatidwa fomu yatsopano. Inali ndi timabokosi titatu: oyera mbee, otuwa ngati mkaka, amatope. M'munsi munali dzina la injiniya, monga woikonza.

"Akuti ku likulu amuyamikira kwambiri," anatero mlonda. "Akuti madamu onse azigwiritsa ntchito imeneyi."

A Mabotolo anaiwerenga mpaka pansi. "Ndi yabwino," anatero. Ndipo inalidi yabwino.

Anasaina m'buku kuti abweza katundu yense, natuluka. Pamwamba pa masitepe anaima n'kusuzumira. Kumunsi, woyeza watsopano, bambo wina wosamutsidwa kuchokera ku mapampu, anali atagwada pakangalande. Anawerenga rula, natunga madzi, nasuzumira m'botolo momwemo mumthunzi wa khoma, n'kuwataya. Padzuwa sanaliunike.

A Mabotolo anatsekula pakamwa kuti amuitane. Mlonda anakhosomola kumbuyo kwawo.

"Pepani madala, anandiuza kuti mukangosaina ndikuperekezeni kunja. Anthu wamba saloledwa pakhoma."