Wayayo Ndine

Ndinali pakati pochapa mabulangete pomwe mlamu wanga anaimba foni.

"Alamu, achimwene awatulutsa m'chipatala. Tili m'njira."

"Lero? Si paja anati sabata yamawa?"

"Bedi akulifuna ena. Adokotala akuti muziwaikira nyimbo zomwe amakonda, mwina lilime lingamasuke. Koma phokoso ayi, limawazunguza mutu."

Chiwagwereni sitiroko, bambo a ana anga sanatulutse liwu ndi limodzi lomwe. Ndinathamangira pabalaza thovu lili m'zigongono. Nyimbo zawo zonse zili pa zimbale zakale zija. Nditayatsa ampu yokuzira mawu, masipika anangoti huuum, ngati njuchi zavundikiridwa m'ndowa.

Ndinazimitsa filiji, poganiza kuti ndiyo ikusokoneza. Huuum. Ndinasintha soketi, ndinazula mawaya ofiira ndi oyera n'kuwabwezera. Huuum. Ampuyo ndinaiwomba khofi.

"Amayi, mukaimenyanso ikakusumirani," anatero mwana wanga wamkazi.

"Iwe, usandiyambe. Aimbire abambo ako aang'ono, msanga."

Mlamu anayankha mokuwa, ali m'galimoto. "Kuseri kwa choimbira zimbale kuli kawaya kowonda ka ethi, koletsa kulirako. Kamangeni pa sikuluu ya kumbuyo kwa ampu, basi."

Kawayako ndinakapeza, koma makoswe anali atakadya, kutsala kachidutswa. Ndili chikagwirire, dzanja linalo linakhudza sikuluu ija. Zii! Kusiya, huuum. Kugwira, zii.

Waya wina ndikanamutenga kuti? Galimoto inali italowa kale.

Mlamu ndi woyendetsa galimoto anawanyamula bambo a ana anga n'kuwakhazika pasofa, munthu atatha ngati si uja ankanyamula filiji yekha. Kulira kwa masipika kutawafika, anatseka khutu ndi dzanja lomwe likugwira ntchito, misozi chuu.

"Zimitsani, alamu!"

"Sindizimitsa. Mwana iwe, ika chimbale!"

Ndinagwada kuseri kwa shelefu, dzanja ili pa kachidutswa, ili pa sikuluu. Nyimbo inatuluka yoyera. Msana unkandiwotcha, fumbi lili m'mphuno, koma kuyetsemula sindinayerekeze. Nkhope yawo sindinkaiona.

"Akutani? Tandiuzani!"

"Milomo ikugwedera," mwana ananong'ona.

Pofika pakolasi ndinamva kaliwu kosasa, kokhota, kotsalira m'mbuyo mwa oimba. Mawu ake sanamveke, koma liwulo ndimalidziwa.

"Bwera ugwade apa, ugwire momwe ndagwiriramu," ndinamuuza mwana. "Ukasiya, undiona. Alamu, musangoima pamenepo, kasakeni waya."

Ndinabwerera kubafa. Bulangete loti afunde lero linali likadali m'madzi, ndipo kunja kunali kutachita mitambo. Ndinayamba kufinya.