Kamera ya Galasi Lakuda

"Sankhanipo imodzi, alamu. Yotsalayo ipita kwathu ku Khonjeni."

A Winston anayankhula chipewa chili pabondo, maso ali pa makamera awiri amene anali pakati pa mphasa. Panali patatha masiku atatu chiikireni m'manda mkulu wawo, a Leonard Namakhwa, amene anagwira ukalaliki wa pasikelo pa esiteti ya tiyi zaka makumi awiri ndi zinayi. M'mawa umenewo anthu anali atameta, ndipo katundu wa malemu anayalidwa pakhonde kuti agawidwe. Njinga, wailesi ndi majekete zinali zitapeza kale eni ake. Kunatsala makamera okha, amene a Leonard ankajambulira anthu Loweruka ndi Lamlungu.

Mayi Rhoda, mkazi wa malemu, anayang'ana makamerawo. Mphepo ya chiperoni inkawazizira m'mutu mongometamo.

"Amayi, tengani yatsopanoyo," ananong'ona Betty, mwana wawo mmodzi yekhayo. "Nyumba ino aesiteti akuifuna pakutha pa mwezi. Kumudzi kwa Khwethemule tikadya chiyani? Ine kujambula ndimatha."

Betty sankanama. Kamera yatsopanoyo, yofiira, bambo ake anaigula ku Limbe chaka chatha, ndipo galasi lake lakumbuyo linkaonetsa munthu mpaka tsitsi la m'mphuno. Inayo inali yakale, yotuwa, chitseko cha mabatire chomangidwa ndi labala. Chigwereni m'ngalande, galasi lake linada bii. Kunangotsala kamzere kowala m'munsi, kochepa ngati chala.

Koma mtima wa mayi Rhoda sunali pa chakudya. A Leonard anajambula esiteti yonse: maukwati, makwaya, anyamata a mpira, ngakhale mbuzi ya akapitawo itabereka mapasa. Iwo eni chithunzi analibe ndi chimodzi chomwe. Wina akawalozetsa foni ankatchinga ndi chikhatho n'kumati, "Musathe batire ndi nkhope iyi." Tsiku la maliro panalibe chithunzi choti munthu anyamule patsogolo pa bokosi, ndipo anthu ananong'onezana. Manyazi amenewo mayi Rhoda akanawapirira. Chimene chinkawaopsa n'chakuti masiku atatu okha, akatsinzina, nkhope ya amuna awo inkabwera yowonda, ya m'chipatala ija. Inzake ija, ya munthu wamoyo, inali itayamba kale kuwathawa.

Mu kamera yofiira iwo ndi Betty anali atafufuza zithunzi zonse mazana asanu ndi limodzi, osawapezamo a Leonard. Yakaleyo inalibe kakhadi, inkasunga zithunzi m'mimba mwake, ndipo chingwe chake chinatayika kalekale. Mayi Rhoda anaitola n'kuyamba kudina. Pa kamzere kowala kaja pankadutsa zam'munsi zokhazokha: udzu, matayala a thirakitala, mapazi a othyola tiyi. Chakumapeto panaoneka nsapato zakuda zosongoka, yakumanzere ili ndi chigamba. Anadinanso. Nsapato zomwezo. Anatembenuka n'kuyang'ana jumbo la a Winston, mmene nsapato za malemu zimenezo zinali zitalowa kale.

"Alamu, ndiloleni ndithamangire nayo ku Boma akaione pa kompyuta. Ndikabwera ndisankha."

"Mwambo mukuudziwa, alamu. Chimene chakhala pamphasa sichichoka chisanagawidwe. Komanso wakabaza akundidikira pamsewu."

A Winston sanali munthu woipa, kungoti maso awo anali atayeza kale ngati kamera yofiirayo ingakwane m'thumba la jekete, ndipo inkakwana bwino lomwe. Anatsokomola pang'ono.

"Ine sindikukukakamizani. Mukatenga yofiirayo palibe mlandu. Yakufayo ndikapatsa ana azikaseweretsa."

"Amayi, nsapato si munthu," anatero Betty. "Mwina anangodina mwangozi kamera ili m'manja. Mutaye ntchito yanga chifukwa cha chigamba?"

"Akanadina mwangozi nsapato zikanaloza uko. Izi zaloza kuno."

"Nanga mukapeza mulibe kanthu?"

Mayi Rhoda anadziwa kuti mwanayo akunena zoona, ndipo zinawapweteka. Komabe anakulunga kamera yotuwayo pa nsonga ya chitenje n'kumanga mfundo ziwiri. Betty anadzuka osapempha njira, analowa m'nyumba, ndipo kulira kwake kunamveka mpaka pakhonde. A Winston anatola yofiirayo mwaulemu wonse, ndi manja awiri, n'kutsanzika.

M'mawa mwake anakwera minibasi ya ku Boma, mayi ndi mwana, osayankhulana. Nkhungu inali itaphimba minda ya tiyi, othyola akungooneka madengu okha kumsana.

A Stambuli, amene ankatsuka zithunzi kuseri kwa msika, anawadziwa a Leonard kwa zaka zambiri. Atapepesa maliro anakhuthula chitini cha zingwe patebulo n'kuyamba kuyesa. Choyamba chinakula. Chachiwiri chinalowa koma kompyuta inangokhala duu. Chachinayi chitalowa, kamera inalira pang'ono, zithunzi n'kuyamba kutuluka.

"Pitani kumapeto," anatero mayi Rhoda.

Nsapato zija zinabwera. Pamwamba pake panali thalauza la suti yabuluu, jekete lomangidwa mabatani onse, tayi. Chithunzi chinathera pakhosi. Kumbuyo kunali mizere ya tiyi ya kuseri kwa nyumba yawo.

Chachiwiri chinathera pachibwano. Chachitatu munali phewa limodzi ndi mtengo wa bulugama.

"Anaikhazika pa chitsa kapena pa ndowa n'kuitchera kuti ijambule yokha," anatero a Stambuli motsitsa mawu. "Koma popanda galasi sankaona kumene yaloza. Onani, apa asendera kutsogolo, apa abwerera m'mbuyo. Ankangoyesa paliponse kuti mwina china chigwira."

"Bwanji osatenga yatsopano ija?" anafunsa Betty, koma funsolo linamuthera pakamwa. Amene ankaifufuza yatsopanoyo Lamlungu lililonse anali iyeyo, kusankha zoti zikatsukidwe. Anawerama n'kuwerenga deti lachikasu pakona pa chithunzi. "Amayi, ili ndi Lamlungu lija, atangobwera kokamva zotsatira kuchipatala."

"Anatiuza kuti ndi zilonda zam'mimba basi."

"Ankadziwa, amayi."

Chachinayi chinalibe mutu. Chachisanu chimodzimodzi. Chachisanu ndi chimodzi munali mitambo yokha ndi nsonga ya khutu. Mayi Rhoda anagwira m'mphepete mwa tebulo, mantha atawagwira kuti alanda mwana wawo ntchito chifukwa cha tayi. A Stambuli anati chatsala chimodzi, ndipo anadikira kaye mpaka mayiwo atagwedeza mutu.

A Leonard anali atagwada. Mawondo onse awiri anali m'matope ofiira a pakati pa mizere, manja ali pantchafu, khosi atalikokera pansi kuti mutu ulowe. Nkhope yonse inalimo. Masaya anali asanagwe. Ankayesetsa kuoneka ngati kalaliki wolemekezeka, koma kukamwa kunali kutapindika, ngati munthu amene akudziseka yekha.

Betty anabisa nkhope paphewa pa amayi ake. Kunja kwa shopu wogulitsa nthochi ankaitanira malonda.

"Ndikhoza kudula m'munsimu," anatero a Stambuli patapita nthawi. "Titsale ndi nkhope ndi tayi. Pakhoma chidzaoneka bwino, palibe adzadziwe kuti anagwada."

"Ayi. Mawondowo asiyeni."

Mayi Rhoda anatambasula dzanja n'kukhudza matope aja pagalasi la kompyuta.

"Tsiku limeneli ndinawakalipira," anatero. "Ndinati munthu wamkulu ngati inu, suti imodzi yomweyi, mukugubuduka nayo m'munda ngati mwaledzera? Ndinalalata mpaka oyandikana nafe anatuluka."

"Iwo anati chiyani?" anafunsa Betty.

"Anati pepani amayi a Betty, ndinaterereka. Kenako anatenga beseni n'kukachapa okha."